Mbali ya Kumanzere ya Ababa

Pali chinthu chimene ndinakhala nacho mumtima osauza munthu, ngakhale Thokozile amene tinakhalira limodzi desiki zaka zinayi. Chithunzi cha ababa chimene chili pabalaza kwathu, chija alendo amaimapo n'kumayamikira mmene kuwala ndi mdima zinakumanirana, sichinayambe ndi luso ayi. Chinayamba ndi manyazi. Pansi pa penti imene anthu amaona panali chithunzi china, choyambirira, ndipo mdima wa m'chithunzi chimenecho ndinauika dala kuti anzanga asaone nkhope ya bambo anga mmene ilili.

Ine ndine Chifuniro. Kwathu ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira kuja, kumene timalima mbatatesi. Ababa ndi a Ngozo, ndipo akakondwa nane amanditcha Nangozo. Sindine wolankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi ankachita kundiuza kawiri kuti ndikweze mawu.

Ndili Sitandade 4, ngolo yathu inagubuduzika potsetsereka itadzaza matumba. Chitsulo cha m'mbali mwa ngolo chinawang'amba ababa kumaso. Anakhala m'chipatala milungu isanu. Pobwerako diso lakumanzere linali litatsekeka, tsaya litalowa m'kati, ndipo chipsera chokhuthala chinayambira pakhutu mpaka kudzafika pamlomo. Akamaseka imaseka mbali imodzi yokha. Ana a pamsika anawapatsa dzina loti a Chigamba. Eni ake sankasamala, ankachita kuwayankha anawo moni. Amene ankasamala ndi ine. Ndinazolowera kuyenda kudzanja lawo lamanja, ndipo tikamapita kutchalitchi ndinkapeza chifukwa chotsalira m'mbuyo.

Tsiku limene linandipweteka kwambiri linali la msonkhano wa makolo, ndili Folomu 1. Ababa anabwera atavala jekete lawo lakutchalitchi. Cedric, mnyamata wa pakamwa m'kalasi mwathu, anasuzumira pawindo n'kunditembenukira.

"Chifu, awo ndi bambo ako? Telala amene anawasoka ayenera kuti anali atalawa."

Kalasi yonse inaseka. Kuyambira tsiku limenelo makalata oitana makolo ndinkapereka kwa amayi okha, ababa ali kumunda.

Zojambula ndinayamba kalekale, ndi pensulo, kumapeto kwa makope. Amene anandionetsa penti ndi a Obed, bambo wachikulire amene amalemba mayina pa magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pamakoma a mometera tsitsi. Chaka chimene ndinali Folomu 4 anabwera kusukulu kwathu kudzakonzanso mapu a pakhoma amene anali atafufutika. Nthawi yopuma anandipeza kuseri kwa kalasi ndikujambula mayi wogulitsa zitumbuwa. Anaima kumbuyo kwanga, manja ali penti yokhayokha.

"Dzanja uli nalo," anatero. "Koma anthu ako ndi opyapyala ngati zovala zapachingwe. Alibe kumbuyo. Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa a Ngozo."

"Aa, Nangozo. Ukawauze bambo ako kuti Loweruka ndikukufuna kwanga."

Malo awo antchito ndi kachipinda kuseri kwa golosale, konunkha palafini. Nditafika anatseka chitseko, pawindo n'kuikapo katoni, kusiya kampata kongokwana chikhatho. Anavundikira ndowa pansi, pamwamba pake n'kuikapo mbatatesi imodzi.

"Ukuona chiyani?"

"Mbatatesi."

"Mbuzi nayo ikanayankha choncho. Yang'ananso."

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mbali imene inaloza kuwindo inkawala ngati yotsukidwa, timaso take tikuoneka kamodzikamodzi. Mbali inayo inkapita ikuda mpaka kusowa. Mbatatesi ndinabadwira momwemo, ndakumba, ndasenza, ndasenda, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti ndi yobulungira.

"Panja dzuwa limamwaza kuwala paliponse ngati munthu wofesa mawere," anatero a Obed. "Muno kwalowera khomo limodzi ngati mlendo. Ukadziwa kumene kwalowera, zinazo uzidziwa wekha."

Anatsegula chitini cha bisiketi. Munali timachubu tofinyika ta penti ya mafuta, imene ankaisunga ngati mankhwala. Anati si penti ya zitseko imeneyi, siuma msanga, ndipo imalola munthu kusintha maganizo. Anandipatsa mitundu itatu yokha: yoyera, yakuda, ndi yofiirira ngati katondo. Anandionetsa kupaka bolodi lonse mtundu wa katondo uja, kenako kupukuta ndi kansalu malo amene kuwala kwagwera.

"Yamba ndi mdima. Yoyera uike komaliza, pang'ono, ngati mchere."

Loweruka lililonse ndinkapita. Ndinajambula mbatatesi, kapu, nsapato yakale, dzanja la a Obed. Sanandilipitsepo kalikonse. Ankangoti ndikamatsuka mabulashi nditsuke ndi awo omwe.

Mwezi wa Meyi, Madamu Salome, amene ankakonza mwambo wotsanzikana ndi a Folomu 4, anandiitana ku ofesi.

"Tamva mbiri yako, Chifuniro. Utijambulire kholo lako, tidzapachike mu holo tsiku la mwambo. Makolo onse adzakhalapo, adzaone kuti sukulu ino siphunzitsa masamu okha."

Ndinavomera ndili ndi amayi m'maganizo. Madzulo ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ababa ali pambali akukhoma mpini wa khasu. Nditafotokoza, amayi anaseka.

"Ine ndikhale phee ngati chitsa? Nanga nkhumba adyetse ndani? Pita ukajambule a nesi, amakhala pampando tsiku lonse."

"Anati kholo, amayi."

"Kholo lina nali," anatero ababa osadzutsa mutu. "Nkhope yanga ndi yosavuta. Theka lina ngolo inajambula kale, iwe ungomalizitsa."

Amayi anaseka mpaka nyemba zinatayika. Nanenso ndinamwetulira, koma mumtima sindinkaseka. Ndinaona holo yodzaza, chithunzi chili pakhoma, Cedric akugwedeza anzake ndi chigongono. Kukana sindikanatha. Ndikanati chiyani?

M'mawa mwake amayi anandituma kukatapa mbatatesi. Timaisunga m'kachipinda kopanda windo kuseri kwa nyumba, chifukwa mbatatesi ikaona kuwala imabiriwira, imawawa, ndipo ogula a m'tauni amaikana. Lamulo la ababa tonse tinakula tikulidziwa: ukalowa tseka, ukatuluka tseka. Chitseko chake chinaloza kotulukira dzuwa. Nditachitsegula pang'ono, kuwala kunalowa ngati mpeni, kunadula mulu wa mbatatesi pakati, kwinako kuli bii. Ndinaima ndi lichero m'manja. Ndinaona pamene ababa angakhale, ndi mbali imene ingalowe mumdima. Ndinasangalala, ndipo chisangalalo chimenecho ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Nditawapempha kuti tizijambulira m'menemo chitseko chili chotsegula, ababa anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi.

"M'chipinda cha mbatatesi? Masiku angati?"

"Mwina milungu iwiri. M'mawa mokha, ndisanapite kusukulu."

Anakanda chibwano. Mbatatesi imeneyo inali kudikira galimoto la ogula.

"Chabwino," anatero.

Tsiku loyamba anavala jekete lija, ngakhale kunsi anali ndi buluku lakumunda. Anakhala pathumba n'kundiyang'ana maso ndi maso, nkhope yonse ili pambalambanda, ngati mmene anthu amakhalira pojambulitsa chiphaso.

"Tatembenukani pang'ono, ababa. Uko. Pang'ononso."

Anatembenuka. Kuwala kunagwera pamphumi, pamphuno, patsaya lakumanja. Chipsera chinalowa mumdima, diso lotsekeka linasowa.

"Kuwala kukufuna choncho?" anafunsa.

"Eya. Ndi mmene a Obed anandiphunzitsira."

"Ngati ndi za sukulu, sititsutsa."

M'mawa wa ku Tsangano m'mwezi umenewo suseweretsa. Zala zinkauma mpaka bulashi kugwa. Tsiku lachitatu ababa anabwera ndi mbatatesi ziwiri zootcha, zotentha, atazikulunga m'pepala.

"Imodzi m'thumba lililonse. Zala zikauma uzigwira. Ukamaliza udye, usataye chakudya."

Kuyambira pamenepo sanaphonye. Ankadzuka ine ndisanadzuke kuti akaziike paphulusa. Kukhala chete ndi kumene kunkawavuta. Ankandiuza za ng'ombe zimene ankaweta ali mnyamata, za mmene anafunsirira amayi pamsika mvula ikugwa, amayi n'kuwayankha kuti ayambe agula ambulera. Ine ndinkangoti, "Ababa, mlomo," iwo n'kutseka pakamwa kwa mphindi imodzi, kenako n'kuyambanso. Chibadwire sindinakhalepo nawo nthawi yaitali chotero, awiriwiri. Ndinadziwa kuti pamphumi pawo pali mizere itatu, ndi kuti diso lawo lakumanja ndi lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mbali inayo sindinkaiyang'ana. Ndinkangotapa yakuda n'kupaka, tsiku lililonse kuonjezerapo.

Mlungu wachiwiri uli pakati amayi analowa ndi lichero, anawerama pamulu wa pafupi ndi chitseko, n'kutola mbatatesi imodzi. Inali yobiriwira ngati papaya losapsa. Anatola ina, ndi inanso.

"A Ngozo, taonani ntchito yanu. Ana mwakhala mukuwakalipira zaka zonsezi za chitseko chimenechi, lero mwakhala mlonda wochitsegula ndinu?"

Ababa anailandira n'kuitembenuza m'manja.

"Yobiriwira si yotaya, mayi. Imeneyi ndi mbewu. Imamera msanga kuposa inzake."

"Mbewu tinapatula kale. Iyi ikwana ndowa zinayi. Mukaibzala pamutu panga?"

"Kudimba malo alipo. Tamusiyani mwanayu agwire ntchito, mukutchinga dzuwa."

Amayi anatuluka akung'ung'udza. Ine ndinati tikhoza kusiya, ndimaliza ndekha. Ababa anapukusa mutu. M'mawa mwake ndinapeza chitseko atatsegula okha, ali kale pathumba, akupemerera m'manja.

Ndinamaliza Lachiwiri, mwambo uli Loweruka. Ndinatembenuza bolodi kuti aone. Anaimirira, anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kuchiyang'anitsitsa. Munthu wa pachithunzi anali wokongola. Theka la nkhope linkawala ngati mkuwa, theka linalo linali mdima wokhawokha wolumikizana ndi khoma.

"Uyu ndi ine wa tsiku la ukwati," anatero motsitsa mawu. Dzanja lawo linakwera kukagwira tsaya lakumanzere, kenako linatsika. "Zikomo, Nangozo."

Lachitatu ndinachinyamula mosamala, chifukwa chinali chisanaume, kupita nacho kusukulu. Madamu Salome anagwira pakamwa. Anaitana aphunzitsi anzawo, ndipo wina anati mwana uyu akapite ku koleji ya zojambula. Thokozile anandikumbatira. Ngakhale Cedric anabwera, manja ali m'thumba.

"Ndi mdala wako yemwe uja? Koma ndiye waoneka bwana."

Ndi mawu amene ndinkawafuna zaka zinayi. Nditawamva sanakome.

Poweruka ndinadzera kwa a Obed. Anayedzamiritsa bolodi kukhoma, anavala magalasi awo omanga ndi waya, n'kuwerama.

"Kuwala wakudziwa tsopano," anatero. "Mphuno iyi ndi ya Ngozo ndithu, ndi makani ake omwe." Kenako analoza kumanzere. "Nanga kuno wapaka chiyani?"

"Yakuda."

"Yokhayokha?"

"Eya."

"Umu ndi mmene ndimapakira khoma mwini golosale akasintha dzina. Kumeneku timati kufufuta."

Ndinayang'ana pansi. A Obed anatseka chitseko, anaika katoni pawindo, n'kukhala okha pandowa ija, tsaya limodzi kuwindo. Anandiponyera thumba loyera la feteleza lopanda kanthu.

"Ima mbali yamdimayi. Tambasula thumbalo, uliyandikize kwa ine. Usandikhudze, ndasamba."

Ndinatambasula. Kuwala kochokera pawindo kunagunda thumba n'kubwerera pankhope yawo. Sikunali kowala kwenikweni, kunali ngati m'bandakucha. Koma khutu linatuluka, tsaya linatuluka, ndevu zoyera zinayamba kuoneka imodziimodzi. Nditachotsa thumba zinasowa. Nditalibweza zinabweranso.

"Waona? Mdima si dzenje. Muli zinthu m'menemo, kungoti zimalankhula motsitsa mawu, ngati iweyo. M'chipinda chilichonse muli khoma, muli malaya, muli thumba, chimene chimabwezera kuwala pang'ono kumbali inayo. Wojambula amayenera kudikira mpaka maso azolowere. Iwe sunadikire."

Anaimirira n'kutsegula chitseko. Ndinkayembekeza kuti andifunsa chifukwa, ndipo ndinali nditakonza kale bodza loti nthawi inachepa. Sanafunse. Anayamba kupukuta bulashi, atandifulatira.

"Tsiku la ngolo lija ndinalipo," anatero. "Ndinkachokera kolemba chikwangwani cha chigayo. Tinali anthu anayi oidzutsa. Titamukoka bambo ako, magazi ali paliponse, ukudziwa chimene anayamba kufunsa? Anati ng'ombe zili bwino? Ife tikulira, iye akufunsa ng'ombe." Anaseka pang'ono. "Nkhope imene ija ndimaidziwa yonse. Ndikakumana nayo pamsika ndimaipatsa moni yonse."

Anabwerera pachithunzi, anagunda malo akuda aja ndi nsonga ya chala, n'kundionetsa. Chala chinali chakuda.

"Kuzizira kwa kuno kwakuchitira chifundo. Unapaka yokhuthala, sinaume. Ukachipachika chonchi anthu adzaomba m'manja, ndipo palibe adzakufunse kanthu. Chithunzi ndi chako, Nangozo. Ine ndangokuuza za penti."

Anandipatsa kansalu koyera ndi kabotolo ka palafini. Ndinalandira ndi manja awiri n'kutuluka. Ndinadzawathokoza patapita masiku.

Njira yochokera pamsika kupita kwathu ndi ya mphindi makumi atatu. Tsiku limenelo inatalika. Ndinkadziuza kuti chithunzicho ndi chabwino mmene chilili, kuti ababa eni ake achikonda, kuti anati zikomo. Kenako ndinkakumbukira dzanja lija likukwera patsaya n'kutsika. Ndikachikonza, Cedric aseka, mwina ndi ena. Ndikachisiya, ababa adzaima mu holo pambali pa munthu amene si iwo, anthu n'kumayang'ana chithunzi, kuyang'ana iwo, kuyang'ananso chithunzi. Zimenezi ndinali ndisanaziganizepo. Ndinkangoganiza za khoma, osakumbuka kuti mwini nkhope adzakhala pomwepo.

Ababa ndinawapeza pabwalo atakhala pamkeka, akupatula mbatatesi yobiriwira kuika m'ndowa. Jekete lija linali pachingwe, amayi atalichapa.

"Madamu ati bwanji?" anafunsa.

"Achikonda."

"Ndinadziwa. Loweruka ndiye ndikakhala kutsogolo." Anaponya mbatatesi ina m'ndowa. "Kalata ya ulendo uno ndaiona. Amayi ako anaiiwala pathebulo."

Ananena mosakwiya, ngati akunena za nyengo. Ndinazungulira kuseri kwa khola la nkhumba, ndinakhala pamwala, bolodi lili pamaondo. Ndinanyowetsa kansalu ndi palafini. Ndinapukuta kamodzi, yakuda inachoka ngati mwaye wa pampoto, pansi pake n'kuoneka mtundu wa katondo uja. Ndinapukuta mpaka theka lonse la nkhope linatsala lopanda kanthu. Tsopano kubwerera kunalibe. Madzulo amenewo ndinawauza ababa kuti pali pena pofunika kukonza, ndiwafunanso m'mawa.

"Mbatatesi yatsalayo nayo ikufuna kukhala mbewu," anatero amayi. Koma ndi iwo amene anandipezera thumba loyera, n'kulikung'untha.

Lachinayi m'mawa kunali nkhungu, dzuwa linachedwa kuboola. Ndinalowa m'chipinda muja ndisanamwe tiyi, ndinamangirira thumba pamtanda wa denga ndi luzi, mbali ya kumanzere kwa pamene ababa ankakhala. Bolodi ndinaliika motembenuza. Patapita kanthawi ndinamva mapazi awo. Analowa atavala jekete likadali lonyowa m'mapewa, n'kundipatsa kapepala kotentha ka mbatatesi ziwiri. Anakhala pathumba. Ndisanalankhule anatembenuka okha, mutu kuloza kumene ndinawazoloweretsa.

"Mbali yako ija nayi," anatero.

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Sanati mbali ya kuwala, sanati mbali ya a Obed. Anati yako.

Dzuwa linaboola nkhungu. Kuwala kunalowa pachitseko, kunagwera patsaya lakumanja monga mwa masiku onse, kenako kunagunda thumba loyera n'kubwerera. Ndinadikira kuti maso azolowere, monga anandiuzira a Obed. Pang'onopang'ono mbali inayo inayamba kutuluka. Khutu. Chikope chotsekeka, chosalala ngati cha mwana wogona. Chipsera chinaoneka chofiirira, chonyezimira pang'ono m'mphepete, chikutsika ngati kanjira ka kudimba mpaka pamlomo umene umandiitana Nangozo. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkachithawa, ndipo ndinali ndisanachiyang'anepo bwinobwino. Sichinali choopsa. Anali ababa basi.

"Chithumbachi ndi cha chiyani?" anafunsa, akuyang'ana cham'mbali. "Chikundithobwa."

Ndinatembenuza bolodi. Anaona theka lopukutidwa lija ndipo anadzuka pang'ono pathumba.

"Iwe, waonongeranji chinthu chabwino? Loweruka ndi mkuja."

Yankho linali lokonzeka pakamwa: a Obed ati mdima unachuluka. Linali loona, ndipo ababa akanati ngati ndi za sukulu sititsutsa, n'kukhalanso pansi. Akanandipatsa mbali iliyonse imene ndikanapempha, monga anandipatsira chitseko, ndi ndowa zinayi za mbatatesi, ndi m'mawa wa milungu iwiri. Ndinapisa manja m'matumba. Mbatatesi zija zinali zikutenthabe.

Ndinatula bulashi pansi, ndinagwada pafupi ndi thumba limene anakhalapo, kumanzere kwawo. Kamodzi kokha m'moyo wanga palibe amene anachita kundiuza kuti ndikweze mawu.

"Ababa, si kuwala kumene kunkafuna kuti mutembenuke. Ndi ine. Ndinkachita manyazi ndi nkhope yanu, ndipo kuyambira Folomu 1 makalata aja ndinkawabisa dala. Inu mumadziwa, koma m'mawa uliwonse mumandiotchera mbatatesi. Pepani, ababa. Zikomo. Tsopano tayang'anani kuno, ndikufuna ndikujambuleni nonse."